Chitukuko cha ku parishi yathu ya Bembeke: tiyambe ndi mwala wa mayina kapena mabuku akale?

Wapampando:
Atamandike Yesu Khristu, abale ndi alongo nonse a kwathu ku Bembeke, a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja. Tinagwirizana kuti chitukuko cha chaka chino chipite ku parishi. Maganizo afika awiri. Ena akuti timange chipilala pafupi ndi tchalitchi, tiikepo mwala wolembedwa mayina a maepiskopi ndi abambo mfumu onse kuyambira 1910. Ena akuti tipemphe chipinda chimodzi ku parishi, tichikonze kuti musungidwe mabuku akale a ubatizo, zithunzi ndi makalata. Thumba lathu silinganyamule zonse ziwiri chaka chimodzi. Bwalo ndi lanu.

Achimwene a ku Joni:
Mpaka muyaya, bambo wapampando. Ine ndili ku chipilala. Anthu amasonkha mosavuta akadziwa kuti adzaona chinthu ndi maso. Mwala aliyense wobwera ku Misa adzauwerenga, ana a sukulu adzaloweza mayinawo. Chipinda chotseka ndi loko adzalowamo ndi angati?

Aphunzitsi opuma:
Achimwene, maganizo anuwo ndi abwino, koma mwala sufufutika ngati bolodi ya m'kalasi. Tiyeni tione kaye zimene tingalembepo.

Ansembe a White Fathers anatsegula Mua mu 1902, Mtakataka mu 1908, kenako Bembeke mu 1910. Chinawakokera kuno ndi mphepo yozizira ya kumtunda: kunsi kwa phiri kuja kutentha ndi malungo zinkawafooketsa, ndiye ankafuna malo opumulirako. Nthawi imeneyo kunalibe dayosizi ya Dedza. Dera la kuno ku Bembeke linali mu Vicariate ya Nyassa (Vicariate ndi dera la Mpingo limene silinafike pokhala dayosizi), ndipo mu 1910 woyang'anira wake anali akadali Ambuye Joseph Dupont, aja ankatchedwa Moto Moto. Mu 1911 analowa Ambuye Mathurin Guillemé, amene anakhala kuno ku Bembeke ndi kutsogolera mpaka 1934. Pambuyo pawo panabwera Ambuye Oscar Julien, kenako Ambuye Joseph Fady mu 1951, chaka chimene dzina la Vicariate linasintha kukhala Likuni. Dedza inapatulidwa mu 1956, ndipo inakhala dayosizi yeniyeni mu 1959.

Tsono funso ndi ili: mzere woyamba pamwalapo udzakhala wa yani? Tikati "Maepiskopi a Dedza", woyamba ndi Ambuye Cornelius Chitsulo, ndipo Dupont, Guillemé, Julien ndi Fady sakuyenera kukhalapo. Tikati "Abusa amene anayang'anira Bembeke", onsewo alowe. Kuwasakaniza pa mndandanda umodzi ndiye kuphunzitsa ana zolakwika.

Ndipo zaka nazo zili ndi msampha. Ambuye Chitsulo, mwana wa ku Mua, wansembe woyamba wa dziko lino amene anadzozedwa mu 1937, anasankhidwa kukhala episkopi mu 1956 koma anadzozedwa mu 1957. Zaka ziwiri zotsatirazo udindo wawo unali wa Vicar Apostolic, kutanthauza kuti ankayang'anira derali m'dzina la Papa, ndipo anakhala episkopi wa dayosizi ya Dedza mu 1959 mpaka kumwalira kwawo mu 1984. Ndiye pa dzina limodzi pali zaka zitatu zoyambira, zonse zoona. Ambuye Gervazio Chisendera anatsogolera kuyambira 1984 mpaka 2000, ndipo ndi mmodzi wa amene anasaina kalata ya maepiskopi ija ya 1992. Ambuye Rémi Sainte-Marie anayamba ngati episkopi wothandiza mu 1998, anatenga mpando mu 2000, anapita ku Lilongwe mu 2006. Ambuye Emmanuel Kanyama 2007 mpaka 2018. Ambuye Peter Chifukwa kuyambira 2021. Pakati pa 2018 ndi 2021 mpando unali wopanda episkopi, dayosizi inali m'manja mwa wansembe woyang'anira mogwirizira. Kodi zaka zimenezo tidzasiya mpata, kapena tidzalemba? Zonsezi zifunika kugwirizana tisanaitane wogoba mwala.

Achimwene a ku Joni:
Aphunzitsi, mwatchula nokha mayina onse ndi zaka zake. Ndiye chatsala n'chiyani? Titenge zomwezo.

Aphunzitsi opuma:
Za maepiskopi n'zosavuta, ndi ochepa ndipo zinalembedwa ponseponse. Povuta ndi pa abambo mfumu. Zaka zoposa 110, ansembe akusinthana, ena zaka zambiri, ena miyezi yochepa chabe. Mndandanda wotere sungachokere m'mutu mwa munthu, ngakhale akhale wachikulire bwanji.

Akatekisiti:
Ndiwonjezere pa mawu a aphunzitsi. Ambiri amaganiza kuti ukatsegula buku la ubatizo n'kuona amene anasaina, ndiye wapeza bambo mfumu wa chaka chimenecho. Ayi. Amasaina ndi wansembe amene wabatiza. Ansembe a White Fathers lamulo lawo linali loti azikhala osachepera atatu pa mishoni, mmodzi ndiye mkulu wa nyumba, enawo akuyendera midzi. Kawirikawiri amene dzina lake lachuluka m'buku ndi uja ankayenda kwambiri m'masukulu ndi m'nthambi, osati mkulu. Komanso pa mishoni imene pankakhala episkopi pamadutsa ansembe ambiri, alendo, odwala odzapuma, aphunzitsi, ndipo nawonso ankabatiza.

Kuti mndandanda ukhale woona pafunika mboni zitatu zigwirizane. Yoyamba ndi makalata osankha ansembe, amene amasungidwa ku ofesi ya episkopi. Yachiwiri ndi buku la tsiku ndi tsiku limene mishoni iliyonse ya White Fathers inkalemba, pamodzi ndi malipoti a pachaka amene ankatumiza kwa akuluakulu awo; zimenezi zinalembedwa m'Chifalansa ndipo zambiri zimasungidwa ku likulu la chipani chawo ku Rome. Yachitatu ndiye mabuku a masakramenti, makamaka la maukwati, chifukwa ukwati umadalitsidwa ndi bambo mfumu kapena wansembe amene iye wamupatsa chilolezo, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimaoneka m'buku.

Chinanso tisasokoneze. Tchalitchi chathu cha Banja Loyera cha ku Bembeke chimatchedwa Cathedral chifukwa muli mpando wa episkopi. Mwini mpandowo ndi episkopi, ndipo n'chifukwa chake Misa yodalitsa mafuta oyera malo ake enieni ndi m'menemo. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ya parishi, maubatizo, maukwati, maliro, miphakati, mtulo, imayendetsedwa ndi wansembe amene episkopi wamuika. Maudindo awiriwa akhale pa mindandanda iwiri.

Ndipo ine mtima wanga ukundiwawa pa chinthu chimodzi. Mwala wa maepiskopi ndi ansembe okhaokha ukunena theka la mbiri. Amene ankaphunzitsa katekisimu m'midzi, kuyendetsa masukulu a pansi pa mtengo, kubatiza odwala a kayakaya usiku wansembe ali kutali, anali aphunzitsi a mpingo, ana a m'midzi yomwe ino ya kwa Kamenyagwaza. Asisteri a Tereziya, chipani chimene Ambuye Guillemé anayambitsa mu 1929, mizu yawo ili kuno. Sukulu ya aphunzitsi ya St Joseph yatulutsa amayi amene aphunzitsa dziko lonse. Mayina a anthu otere ali m'mabuku momwemo, ena pa mzere wa atate ndi amayi a ubatizo, ena pa mzere wa mboni za ukwati. Mabukuwo akawonongeka, iwowa ndiwo adzafafanizika, chifukwa palibe kwina kumene analembedwa.

Mayi a ku mphakati:
Zikomo akatekisiti, mwatilankhulira. Koma ine ndiponyepo lachitatu. Tsiku la kudzoza ansembe kapena la mafuta oyera, kuno kumasonkhana anthu a ku Mua, Kasina, Mtendere, Nsipe, Nzama, Tsangano, mpaka a kunyanja. Amene amathamanga ndi madzi, nkhuni ndi mapoto ndi amayi. Parishi ya Cathedral imanyamula mtolo wa dayosizi yonse ndi mtulo wa akhristu a parishi imodzi. Thanki ya madzi ya malita 5,000 ndi zimbudzi zowonjezera zingathandize anthu amoyo. Mapepala adikire.

Amsungichuma:
Mayi, mfundo yanuyo ndi yolemera ndipo ilembedwe. Koma tisasinthe cholinga pakati pa njira. Tinauza anthu kuti akusonkhera za mbiri ya parishi. Ngakhale lamulo la Mpingo, ndime 1267, limati chopereka chimene chaperekedwa pa cholinga china chigwire ntchito yomweyo basi. Tikapatutsa, chaka chamawa palibe adzatikhulupirire. Za madzi titsegule thumba lake padera.

Mayi a ku laibulale:
Ndipemphe mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa mawu akuti "mapepala adikire" ndi amene amapha mabuku ambiri. Kwathu kuno n'kozizira ndi kwa nkhungu, ndipo mdani wamkulu wa pepala ndi chinyezi. Chikapitirira maperesenti 65 kwa masiku angapo, chuku chimayamba. Pofunika ndi pakati pa 40 ndi 55. Kachipangizo koyezera chinyezi ndi kutentha n'kotsika mtengo, tigule tiwiri, munthu azilemba m'mawa ndi madzulo kwa mwezi wathunthu wa dzinja tisanasankhe chipinda.

Ntchito yoyamba si kujambula ayi, ndi kalembera. Buku lililonse lipatsidwe nambala pa kapepala kolowetsa m'kati, osati kulemba pachikuto. Pa fomu tilembe mtundu wake (ubatizo, ulimbitso, ukwati, omwalira, kapena buku la mabanja), chaka choyamba ndi chomaliza, nambala yoyamba ndi yomaliza ya anthu, kuchuluka kwa masamba, ndi mmene lilili: chikuto chathothoka, ulusi waduka, muli mabowo a njenjete, inki yadya pepala. Polemba tigwiritse ntchito pensulo yokha. Bolopeni ikadontha pa tsamba la 1915 palibe mankhwala ake.

Zinthu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma n'kuwononga ndi izi. Kumata pong'ambika ndi selotepi: pakapita zaka guluu wake amasanduka wachikasu, amalowa m'pepala, tepiyo n'kugwa, banga n'kutsala pamwamba pa dzina la munthu. Kuwotcherera tsamba m'pulasitiki monga timachitira ndi masatifiketi: kutentha kumawononga inki ndipo simungalitulutsenso. Kusiya mapini ndi masitepulo: amachita dzimbiri n'kuboola masamba angapo. Kupereka buku kwa omanga mabuku wamba: amadula m'mphepete kuti liwongoke, pamene m'mphepetemo ndi mmene munalembedwa za ulimbitso ndi ukwati wa munthuyo. Kuyanika buku lonyowa padzuwa: limapindika, inki imafwifwa. Lonyowa liimikidwe pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatakasuka, ndipo muziika mapepala oyera oyamwa madzi pakati, kusintha akanyowa.

La chuku lisiyanitsidwe ndi anzake, liume kaye, kenako lipukutidwe panja ndi burashi yofewa kuchokera pakati kupita kunja, wopukutayo atavala chotseka pakamwa ndi mphuno. La tizilombo musalipopere mankhwala a mphemvu, mafuta ake amathimbiriritsa. Liikeni louma m'jumbo ya pulasitiki, tulutsani mpweya, mangani, liikeni mufiriji yoziziritsa mpaka madigiri 18 kapena 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi. Potulutsa musamasule jumboyo tsiku lathunthu, kuti mame agwere kunja kwa pulasitiki osati pa pepala. Magetsi akathima pakati pa sabatayo, yambaninso kuwerenga masiku.

Mashelefu akhale achitsulo opentedwa, osati amatabwa chifukwa cha chiswe. Shelefu ya pansi italikire masentimita 15 kuchokera pa simenti, ndipo kumbuyo kusiyidwe mpata wa masentimita 10 kuti isagunde khoma. Mabuku akuluakulu agonekedwe, osapitirira atatu pamulu umodzi. Kuwaimika kumathyola msana wake.

Akatekisiti:
Mayi alongosola bwino, koma pano ndiike chenjezo lisanatipitirire. Mabuku amenewa si a gulu lathu, ndipo si a wina aliyense wofuna kuwerenga. Lamulo la Mpingo, ndime 535, limalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira, kuti bambo mfumu awasunge mosamala pamodzi ndi akale omwe, kuti episkopi aziwayendera, ndiponso kuti asagwe m'manja mwa anthu akunja. Chifukwa chake n'chomveka. M'buku la ubatizo mumalembedwa makolo a munthu, ndipo pambali pake amawonjezera akalimbitsidwa, akakwatira, akadzozedwa, akachita malumbiro a muyaya, ngakhale ukwati ukagamulidwa kuti sunali woona. Muli zinsinsi za mabanja amene alipo lero.

Choncho palibe amene adzajambule tsamba n'kuliponya pa Facebook kapena pagulu pano. Ndipo palibe chimene tingayambe popanda chilolezo cholembedwa. Njira yake ndi iyi: kalata kwa bambo mfumu, iwo aitengere ku khonsolo ya parishi ndi ku komiti ya zachuma, kenako ipite kwa Ambuye Episkopi. Amene amaimira parishi pa nkhani za malamulo ndi katundu ndi bambo mfumu, osati wapampando wa khonsolo, osatinso ife. Chipilala nachonso chimodzimodzi, simungakumbe maziko pa bwalo la Cathedral chifukwa choti ndalama ndi zanu. Magulu ambiri a chitukuko amakhumudwa pamenepa: amagula simenti kaye, kupempha pambuyo, simenti n'kuumira m'matumba akudikira yankho. Safunsa anadya phula.

Mayi a ku mphakati:
Nanga ngati sitiloledwa kuwerenga, phindu lathu lili pati?

Akatekisiti:
Lilipo lalikulu, mayi. Mwana wathu ali ku Joni kapena ku London akufuna kumanga ukwati woyera, wansembe wa kumeneko amafuna kalata ya ubatizo yatsopano yochokera kumene anabatizidwa, yosapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Wofuna kupita ku seminale kapena ku chisisteri chimodzimodzi. Kalatayo imachokera m'buku. Ndipo si a Bembeke okha: malo amene kale anali nthambi za kuno n'kudzakhala maparishi paokha, maubatizo awo oyambirira anatsala m'mabuku a kuno. Tsamba limodzi likadyedwa, anthu onse olembedwapo asowa umboni.

Mphwathu wa makompyuta:
Zikomo akuluakulu. Pa zojambula ndinene izi, ngati chilolezo chingapezeke. Sikana ya mu ofesi ija yogonekapo pepala siyoyenera, chifukwa muyenera kulitembenuza buku n'kulikanikiza, msana umathyoka. Pafunika kamera yomangirira pa choimikira, yoyang'ana pansi, buku litatsegulidwa pang'ono chabe ngati chilembo cha V, mbali zonse zitatsamira pa mapilo. Nyale ziwiri za LED, ina kumanzere ina kumanja, zopendekera, osayatsa fulashi. Anthu awiri: wina wotembenuza masamba ndi manja osamba ndi owuma bwino, wina wojambula ndi kuyang'ana pa kompyuta ngati zilembo zing'onozing'ono za m'mphepete zikuwerengeka. Jambulani chilichonse, chikuto, masamba opanda kanthu, timapepala tolowetsedwa m'kati, kuti wina asadzaganize kuti tinadumpha.

Kuoneka bwino kwa chithunzi kusachepere 300 dpi (timadontho 300 pa inchi imodzi) pa kukula kwenikweni kwa tsamba. Chithunzi chachikulu chisungidwe mu mtundu wa fayilo wotchedwa TIFF, ndipo pakhale china chopepuka cha JPEG chogwiritsa ntchito mu ofesi. Tsamba limodzi la TIFF limatha kufika ma megabyte 30 mpaka 50, ndiye buku la masamba 400 likhoza kudya ma gigabyte 12 mpaka 20. Hard drive ya 2 terabyte ikwanira bwino, koma zigulidwe zitatu: ina ku parishi, ina ku ofesi ya episkopi, yachitatu kumene Ambuye anganene, kunja kwa Bembeke. Zonse zikhale zotseka ndi mawu achinsinsi amene akudziwa ndi bambo mfumu ndi mlembi wa dayosizi. Chaka chilichonse azizitsegula kuona ngati zikugwira, ndipo pakatha zaka zisanu azikopera pa zatsopano. Flash isakhale posungira, imafa osatsanzika.

Mayina a mafayilo akhale a ndondomeko imodzi kuyambira tsiku loyamba, monga BEM_UBATIZO_01_0001. Mukasiya mayina amene kamera imapereka yokha, pakatha mwezi simudzadziwa kuti tsamba ili ndi la buku liti. Ndipo laputopu yogwirira ntchitoyi ikhale ya parishi, isalumikizidwe ku intaneti, isapite kunyumba kwa munthu.

Aphunzitsi opuma:
Wotembenuza masambayo akhale wodziwa kuti mitu ya mizere ndi mayina a ubatizo m'mabuku akale zinalembedwa m'Chilatini. Yohane adzamupeza ali Joannes, Yakobe ali Jacobus. Mayina a midzi ansembe ankalemba mmene khutu lawo lamvera, mudzi umodzi kalembedwe katatu. Pokonza mndandanda wofufuzira, lembani monga zilili m'buku, kalembedwe ka lero kakhale pa mzere wake. Musakonze m'buku mwenimwenimo.

Amisiri:
Ine ndilankhule za nyumba. Ngati parishi ingatipatse chipinda m'nyumba yakale ya njerwa, choyamba ndi denga, chachiwiri ndi madzi a pansi, penti ndi chomaliza.

Kuno usiku malata amazizira kwambiri, mpweya wa m'kati ukagunda pamenepo umasanduka madontho. Anthu amati denga likudontha pamene lilibe bowo. Mankhwala ake ndi siling'i, ndi timabowo todutsa mphepo pakati pa siling'i ndi malata, totchinga ndi sefa kuti mileme ndi makoswe zisalowe. Ngati malata asinthidwa, akhale a geji 28 kapena 26, omanga ndi masikuluwu okhala ndi labala, osati misomali imene imasukusa ndi mphepo. Mitengo ya denga igogodedwe umodzi umodzi, imene ikulira ngati ng'oma chiswe chinadya kale m'kati.

Makoma akale ambiri anamangidwa ndi njerwa zofewa ndi dothi kapena laimu, opanda pulasitiki wa pa maziko. Khoma lotere limakoka madzi pansi n'kuwatulutsa lokha kudzera m'mizere. Mukalimata pulasitala wa simenti yolimba ndi penti ya mafuta, madziwo amasowa potulukira, amakwera m'mwamba, mchere umatuluka, njerwa zimafumbutuka kumbuyo kwa pulasitala. Kunja kumaoneka bwino zaka ziwiri, kenako chigamba chonse chimagwa. Chikomekome cha mkuyu. Pokonza mizere sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, palani mzere wakale kulowa masentimita awiri, nyowetsani, matani, ndipo muziwaza madzi pang'ono kwa sabata kuti usaume mofulumira. Pamwamba pakani laimu wamadzi, katatu mopyapyala. Ntchito imeneyi isachitike mu Juni ndi Julayi kukuzizira kwambiri, kapena mvula ili pakati. Nyengo yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala.

Kunja, dothi likhale lotsika masentimita 15 kuchokera pa simenti ya m'kati, lotsetsereka kuchoka ku khoma. Magata ndi mapaipi atengere madzi kutali, osachepera mamita awiri. Maluwa othirira asakhale m'mbali mwa khoma. Mankhwala a chiswe athiridwe m'ngalande yozungulira maziko kunja, osati m'chipinda mosungira mabuku. Mawaya a magetsi akhale atsopano, oyenda m'mapaipi, ndipo m'chipindamo musadutse paipi ya madzi iliyonse. Chitseko chachitsulo, mawindo aang'ono okhala ndi mabagala ndi makatani otchinga dzuwa, chozimitsira moto chipachikidwe pakhomo panja pake.

Kumanga chatsopano cha mamita 4 kwa 5 n'kotheka, koma simenti ndi pulasitala watsopano zimatulutsa chinyezi kwa miyezi yambiri. Mukalowetsa mabuku sabata yotsegulira chifukwa alendo abwera, adzachita chuku m'nyumba yatsopano. Chidikire chilimwe chimodzi.

Ndipo pa nyumba zakale za mishoni, tisanagumule kapena kuboola khoma, ndi bwino parishi ifunse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Zojambula ndi zosema za m'tchalitchi tisazikhudze n'komwe. Kukonza zimenezo kumafuna chilolezo cholembedwa cha episkopi ndi mmisiri wake wodziwa.

Achimwene a ku Joni:
Ndamva zonse ndipo sindikutsutsa. Koma ndikunenetsa kuti anthu a kuno adzafunsa kuti ndalama zathu zapanga chiyani, ndipo chithunzi cha shelefu sichidzawakhutitsa. Pakhale china choonekera.

Amisiri:
Chingapezeke, achimwene. M'malo mwa mwala umodzi waukulu, pakhale bolodi la thabwa la m'bawa kapena mlombwa pakhonde, dzina lililonse pa kachitsulo kake komanga ndi masikuluwu. Mukalakwitsa chaka, mumasula kamodzi n'kusintha. Akabwera bambo mfumu atsopano, muwonjezera. Mwala wa granite mukalakwitsa chilembo chimodzi ndiye kugula wina. Ndipo wogoba apatsidwe pepala losindikiza limene ofesi ya episkopi yasainira, chifukwa timizere ta pamwamba pa Guillemé ndi Rémi ogoba ambiri amatisiya, ndipo Cornelius ena amalemba Kornelio.

Aphunzitsi opuma:
Bolodi loyamba likhale la maepiskopi, poti limenelo tingalitsimikize chaka chino. Magawo awiri: a nthawi ya Vicariate ya Nyassa ndi Likuni, kenako a Dedza. Pansi pake mzere umodzi wonena kuti kuyambira 2011 Dedza ili m'chigawo cha arkidayosizi ya Lilongwe, kale inali pansi pa Blantyre. La abambo mfumu lidikire mboni zitatu zija. La makatekisiti, asisteri ndi apampando a khonsolo lifunika kuyenda m'miphakati.

Pa chimenechi ndiye pali changu kuposa zonse. Agogo amene analandira ulimbitso m'manja mwa Ambuye Chitsulo akutha. Achinyamata awiri pa nthambi iliyonse, foni yojambula mawu, mafunso ochepa omwewo kwa onse: anakuphunzitsani katekisimu ndani, tchalitchi choyamba cha pano chinali pati, anapereka malo ndani, ankatsogolera mapemphero ndani wansembe akapanda kubwera. Poyamba pa kujambula munthuyo atchule dzina lake, mudzi, tsiku, ndi kuti wavomera. Osapitirira ola limodzi, okalamba amatopa. Zimene anena zilembedwe sabata yomweyo wofunsayo akukumbukira. Amfumu a m'midzi adziwitsidwe kaye, makamaka pa funso la malo, chifukwa limatha kudzutsa milandu yogona.

Mayi a ku mphakati:
Pamenepo amayi tithandiza, agogowo timawadziwa ndife. Koma ofunsa amayi akhale atsikana kapena amayi anzawo, apo ayi adzangoyankha kuti eya ndi ayi. Ndipo za thanki zija ndidzazidzutsanso pa msonkhano wa Disembala.

Amsungichuma:
Kayendetsedwe ka ndalama kakhale kotere. Tisatumize ku nambala ya foni ya munthu, ngakhale wokhulupirika. Zipite ku akaunti ya parishi ndi kalata yonena cholinga, komiti ya zachuma isaine kuti yalandira. Zituluke m'magawo: la kalembera ndi zoyezera chinyezi, la denga ndi madzi, la makoma, la mashelefu ndi kamera. Gawo lotsatira lisatuluke malisiti ndi zithunzi za loyamba zisanafike. Pa katundu aliyense wamkulu pakhale makoteshoni atatu. Tisiye maperesenti 15 pambali, chifukwa mitengo ya malata ndi simenti siikhala malo amodzi, ndipo denga lakale mukalitsegula mumapeza zambiri kuposa zimene munawerengera. Zonse zogulidwa zilembedwe m'kaundula wa katundu wa parishi tsiku lomwelo, kuti pakadzasintha ansembe wolowayo adzadziwe kuti kamera ndi ma hard drive ndi za chipindacho.

Mayi a ku laibulale:
Ndipo pakhale munthu mmodzi wa ku parishi komweko, mlembi wa mu ofesi kapena katekisiti, wophunzitsidwa kusamala chipindacho. A ku National Archives ku Zomba ntchito yawo ndi yomweyi, parishi ikhoza kuwalembera kupempha uphungu. Popanda mwini wake, pakatha zaka zitatu mudzapezamo matumba a chimanga cha masika ndi mipando yothyoka, makoswe n'kutsatira chimangacho.

Wapampando:
Amlembi, konzani kalata yopita kwa bambo mfumu, mutchulemo chipinda, bolodi la maepiskopi ndi kuyenda m'miphakati. Musalembemo ngati tagamula kale, tikupempha maganizo awo. Iponyeni pano Lachisanu kuti akatekisiti ndi aphunzitsi ayione tisanasaine.

Amlembi:
Ndamva, bambo wapampando. Amisiri, munditumizire mndandanda wa zoti akayeze pa chipindacho kuti ndiuphatikize. Ndipo ndifunse gulu lonse: alipo pakati pathu, kapena mwa ana athu, amene amawerenga bwino Chifalansa cholemba pamanja? Tikadzalembera ku Rome n'kutiyankha, tidzamufuna.